Mankhwala otsukira mfuti: osakaniza nokha kapena ogula?

Bambo wina amene amawerenga tsamba lino wanditumizira imelo. Ali ndi mfuti ya shotgun ya chilolezo, ndipo akudandaula kuti Hoppe's No. 9, mankhwala ogula otsukira mfuti, ndi wodula, kupezekanso n'kovuta. Mnzawo wawauza kuti palafini yekha akwanira. Akufunsa ngati n'zoona.

Bambo, mnzanuyo sakunama kwenikweni, koma wakuuzani mbali imodzi yokha. Palafini amasungunuladi mwaye wa onga ndi mafuta akale, koma satchinjiriza chitsulo kwa nthawi yaitali. Mukangopukuta n'kuika mfuti m'kabati m'nyengo ya dzinja, dzimbiri silichedwa.

Msakanizo umene alenje ambiri ku America amaukhulupirira ndi Ed's Red, wa C.E. Harris, yemwe anatengera njira yakale ya ku Frankford Arsenal, fakitale yakale ya zipolopolo ya asilikali a ku America. Mumathira zinthu zinayi muyezo wofanana: oyilo wofiira wa giyabokosi ya galimoto za otomatiki, palafini, mineral turpentine wa kuhadiweya, ndi acetone. Oyiloyo ndi amene amatsalira pachitsulo zinazo zikauma. Acetone ndiye mnzanu weniweni pa shotgun, chifukwa amafewetsa timizere ta pulasitiki timene katiriji imasiya mumpope wa mfuti. Nyowetsani kansanza, kadutsitseni mumpope, dikirani pang'ono, pitani ndi bulashi, kenako kansanza kouma. Mudzaona koyamba kakutuluka kakuda bii.

Pa ntchito imeneyi, ine sindiona chifukwa chowonongera ndalama. Hoppe's wakhalapo kuyambira 1903, Ballistol wa ku Germany kuyambira 1904, ndipo onse ndi abwino, koma mwaye wa shotgun sufuna botolo lochokera kunja.

Acetone yemweyo ali ndi nkhanza zake. Akadonthera pathabwa la mfuti amadya vanishi, ndipo mapulasitiki ena amawawononga. Amayakanso msanga. Sakanizirani panja, kutali ndi mbaula, ndipo musunge m'chitini chachitsulo chotsekeka bwino, osati m'botolo la zakumwa limene mwana angaliyese sobo. Petulo musayese n'komwe. Ndipo musanagwire kansanza, tsegulani mfuti muone ndi maso anu kuti mulibe katiriji.

Pomwe mankhwala ogula amapambana ndi pa mkuwa. Mfuti ya rifle imasiya mkuwa wa chipolopolo mumpope, ndipo Ed's Red sausungunula. Pamenepo pamafunika mankhwala a ammonia ngati Sweet's 7.62. Kansanza kakatuluka kobiriwira mwa buluu, dziwani kuti mkuwa ukuchoka. Musawasiye mumpope kupitirira mphindi 15, ndipo mukatha mupake mafuta. Inu a shotgun zimenezi sizikukukhudzani kwenikweni.

Amene ali ndi rifle ya .303 yakale n'kumaombera zipolopolo zakale za asilikali amve ichi. Zambiri mwa izo zimasiya mchere mumpope, ndipo mcherewo susungunuka m'mafuta. Thirani madzi otentha tsiku lomwelo, umitsani bwinobwino, kenako mupake mafuta.