Mkaka ukutsala pa tiirumu, kodi ndiziuika mufiliji?

Funso: Ndili ndi tiirumu pa Kamuzu Road kuno ku Salima. M'mawa uliwonse mnyamata wa njinga amandibweretsera malita 10 a mkaka wa ng'ombe, koma masiku ambiri amatsala malita atatu, ndipo pofika madzulo umakhala utasasa. Ndili ndi filiji yomwe ndimaumitsiramo mafilizesi. Kodi mkaka ndingauumitsenso? Mayi wodandaula.

Yankho: Mayi, zimatheka ndithu, koma filiji siitsitsimutsa mkaka womwe wayamba kale kusasa. Ndi dzuwa la ku Salima la mu Okutobala, kudikira madzulo kuti muone wotsala n'kuchedwa. Mkaka ukangofika, uwiritseni wonse, muuziziritse msanga poika poto m'beseni la madzi ozizira, ndipo malita atatu aja alowe mufiliji m'mawa womwewo.

Gwiritsani ntchito mabotolo apulasitiki otsuka bwino, a theka la lita kapena lita imodzi. Musadzaze mpaka kukamwa. Siyani mpata wa zala zitatu chifukwa mkaka ukauma umafufuma, botolo n'kung'ambika. Lagalasi ayi, limaphulika. Lembani tsiku pa botolo lililonse. Mukadzauona utasanduka wachikasu musadzidzimuke, ndi mmene umaonekera ukauma gwa. Pa kuzizira kwa -18°C umatha kukhala miyezi itatu, komabe ine ndingati usapitirire mwezi, chifukwa umayamba kutengera fungo la zinthu zina. Ngati mufiliji momwemo mumaikamo chambo kapena usipa wa ku Senga Bay, makasitomala adzamva fungolo m'tiyi.

Posungunula ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Kuika botolo padzuwa kapena pakhonde kumachititsa kuti wakunja ufunde pomwe wam'kati ukadali ayisi. Lisiyeni usiku wonse mbali ya filiji yongoziziritsa, kapena muliviike m'madzi ozizira n'kumawasintha. Mafuta amapatukana ndi madzi, ndiye likhutchumuleni bwinobwino, muwiritsenso, muuthe pasanadutse masiku awiri. Wosungunuka usabwererenso kukauma. Ku tiyi, phala ndi mandasi umachita bwino. Woumwa wokha pakapu ndiye amaona kusiyana.

Magetsi akazima, musamatseguletsegule. Filiji youmitsa ikakhala yodzaza imasunga kuzizira pafupifupi maola 48, yatheka maola 24.

Tsono tikambe za mpamba. Malita atatu pa tsiku, masiku 26 pa mwezi, ndi malita 78. Chulukitsani ndi mtengo womwe mumagulira, muona ndalama yomwe yakhala ikuthera kudzala. Ndipo mukamaumitsa atatu tsiku lililonse osachepetsa oda, pakutha sabata filiji idzadzaza mkaka, mafilizesi omwe amakubweretserani ndalama n'kusowa malo. Tengani kope, mulembe kwa masabata awiri malita omwe atha tsiku lililonse. Mudzaona kuti masiku a malipiro kumapeto kwa mwezi amasiyana ndi apakati pa mwezi. Mukatero muuzeni mnyamatayo azibweretsa malita 7, ndipo mufiliji muzikhala mabotolo anayi kapena asanu oti akuombolereni tsiku lomwe basi yatsitsa anthu ambiri.