Dokotala wa opaleshoni ya ubongo ndi kafukufuku: nkhani ya Benjamin Warf

Mchemwali wina amene akuphunzira udokotala wanditumizira imelo. Akufuna kudzakhala dokotala wa opaleshoni ya ubongo, koma aphunzitsi ake akumulimbikitsa kuti azichitanso kafukufuku. Funso lake ndi lakuti: kafukufuku ali ndi phindu lanji kwa munthu amene ntchito yake ndi ya manja, makamaka kuno kumene zipangizo n'zochepa?

Mchemwali, ndikuyankhani ndi nkhani ya Benjamin Warf.

Warf ndi dokotala wa ku America. Mu 2000 anasamukira ku Uganda ndi banja lake kukatsogolera chipatala cha ana cha CURE mumzinda wa Mbale. Ambiri mwa ana obwera kumeneko anali odwala matenda a madzi m'mutu, aja mutu wa khanda umangokulirakulira chifukwa madzi a mu ubongo akusowa potulukira. Chithandizo chodziwika chinali shunt, kachubu kamene amakalowetsa mu ubongo n'kukadutsitsa kunsi kwa khungu mpaka m'mimba kuti madziwo azitsikira kumeneko. Kachubuka kamapulumutsa moyo, koma kamatsekeka, ndipo nthawi zina kamayambitsa mafinya. Kakatsekeka kwa mwana wa mumzinda wa Boston ku America, amathamangira naye kuchipatala usiku womwewo. Mwana wa kumudzi, amene mayi ake ayambe agulitsa mbuzi kuti apeze yoyendera, akhoza kutsirizikira m'njira.

Mtunda umenewu ndi umene unam'patsa Warf funso lake. Anaphatikiza njira ziwiri zimene zinalipo kale. Pogwiritsa ntchito kachipangizo kopindika kokhala ndi kamera, amaboola kabowo pansi pa chimodzi mwa zipinda za madzi mu ubongo kuti madzi apeze njira, kenako amawotcha timinofu timene timapanga madziwo kuti achepe. Njirayi imatchedwa ETV/CPC, ndipo ikagwira, mwana amabwerera kumudzi wopanda kachubu m'thupi.

Manja okha akanathandiza ana a ku Mbale basi. Koma Warf ankalemba za mwana aliyense n'kumutsatira. Mu 2005 anasindikiza m'magazini ya madokotala yotchedwa Journal of Neurosurgery zotsatira za ana 550: mwa makanda osakwana chaka, njira yophatikizayi inayenda bwino kwa 66 pa 100 alionse, pamene kuboola kokha kunathandiza 47. Chaka chomwecho anayerekeza kachubu ka Chhabra kochokera ku India, ka madola pafupifupi 35, ndi kena ka madola 650, pa ana 195. Patatha chaka, panalibe kusiyana kwenikweni. Taganizani chimene pepala limodzi limeneli likutanthauza kwa chipatala chimene chimawerenga tambala iliyonse.

Chimene ndimamulemekezera kwambiri ndi cha 2017. Iye ndi anzake anaika njira yake yomwe pa mayeso okhwima: makanda 100 a ku Uganda anagawidwa mwa maere, ena kachubu, ena ETV/CPC. Zotsatira zinatuluka mu New England Journal of Medicine, ndipo sizinaonetse kuti njira yakeyo iposa kachubu. Patatha miyezi 12, nzeru za ana a magulu onse awiri zinkakula mofanana. Uthenga wake unali wodzichepetsa koma wolemera: mwana akhoza kupewa kudalira kachubu moyo wake wonse popanda ubongo wake kutsalira m'mbuyo.

Kaundula amene Warf ankalembamo za ana a ku Mbale anaonetsanso kuti ana pafupifupi 60 pa 100 alionse anadwala chifukwa cha tizilombo timene tinawagwira atangobadwa. Mnzake Steven Schiff anatsata mapazi amenewa, ndipo mu 2020 gulu lawo linalengeza kuti lapeza bakiteriya wotchedwa Paenibacillus thiaminolyticus mwa makanda ambiri oterewa. Apa nkhani inachoka m'chipinda cha opaleshoni n'kufika pa kapewedwe.

Warf analandira mphoto yotchuka ya ku America ya MacArthur mu 2012, ndipo anakagwira ntchito ku Boston Children's Hospital ndi ku Harvard. Njira yokhwimira ku Mbale lero ikuchitika m'zipatala za ku America, ndipo madokotala a mayiko ambiri anakaiphunzira ku Uganda.

Ndiye inu, mchemwali, mukafika ku wodi ya ana, yambani ndi kaundula. Lembani msinkhu wa mwana, chimene chinayambitsa matenda, opaleshoni imene anachitidwa, ndi nambala ya foni ya mayi ake kapena ya wachibale wina. Pakatha miyezi 6, muwaimbire mumve mmene mwanayo alili, ndipo pemphani aphunzitsi anu akuthandizeni kupeza chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku musanayambe.