Seva ili ku Johannesburg ine ndili ku Mbare ku Harare, ma container ndiziwalamula bwanji?

Funso: Achimwene, ndili ndi kaseva ka lendi ku Johannesburg komwe kuli ma container anga a Docker (timabokosi toyendetseramo mapulogalamu), koma ndatopa kumangolowa ndi ssh (njira yotetezeka yolowera pa kompyuta yakutali) nthawi zonse kukasuzumira ngati zikuyenda. Mnzanga wa ku Mufakose ku Harare konkuno akuti nditsegule port 2375 (khomo lofikira pa Docker kudzera pa netiweki) ndizilamula zonse ndili pa laputopu. Nditero?

Yankho: Ayi achimwene, 2375 yo isiyeni chonde. Ilibe pasiwedi ilibenso encryption (kubisa zomwe zikudutsa), ndiye aliyense amene wafika pa Docker daemon (pulogalamu yolamula ma container) wasanduka root, bwana wa mphamvu zonse, pamakina onsewo, akhoza kuyatsa container yake n'kumangirirapo disiki yonse kumawerenga chilichonse. Pa intaneti pali ma bot ofufuza port imeneyi usana ndi usiku, akaipeza amaikamo zokumba crypto inu kumangodabwa kuti seva yalemera ndi chani. Port 2376 ya TLS, yokhala ndi encryption, ndiyabwinoko koma ma certificate ake amatopetsa.

Ine ndimadutsa pa SSH yomweyo muli nayo kaleyo. Docker inayamba kulola zimenezi pa version 18.09, kenako docker context, yosankhira makina amene mukulamula, inabwera pa 19.03. Pangani key yolowera pa SSH ndi ssh-keygen, itumizeni ndi ssh-copy-id, onetsetsani kuti user wanu kusevako ali mu gulu la docker, mukatero lembani

docker context create joni --docker "host=ssh://dzina@seva"

kenako docker context use joni, basi docker ps izikuonetsani za ku Joni muli phee ku Mbare. Seva ikakhala kuseri kwa makina ena ikani ProxyJump mu ~/.ssh/config, ndipo netiweki yathu ino poti imachedwa onjezani ControlMaster ndi ControlPersist kuti isamalumikize mwatsopano pa command iliyonse.

Pamene ambiri amapsa ndi apa. Mukalemba -v pomangirira foda ku container, foda imene ikumangiriridwayo ndi ya kuseva, osati ya pa laputopu. Komanso docker build imanyamula mafayilo a mufoda yanu kuwatumiza kusevako, bandulo kutha osadziwa, ndiye lembani kaye .dockerignore, fayilo yotchula zosayenera kutumizidwa, node_modules ndi .git zisapite.

Magetsi akathima musadandaule, ma container amene munayatsa ndi -d (kuti aziyenda okha kuseri) apitirira kuyenda, chaduka ndi kulumikizana kokha. Koma mukamaliza bwererani ndi docker context use default, ine tsiku lina ndinafufuta database ya kasitomala ndikuyesa ndili pa laputopu yanga, tinachezera usiku wonse tikubweza kuchokera pa backup.