Musagule kaye hard disk ina, yambani mwaona mu BIOS

Achimwene, mwati mukufuna kuika Windows XP pa laputopu ya Dell chifukwa pulogalamu ya makina anu odulira masitika imangogwira pa XP, koma CD ikangoyenda pang'ono sikirini imasanduka ya buluu n'kulemba 0x0000007B, ndipo wokonza wina wakuuzani kuti hard disk yafa. Ndalama zanuzo zisungeni kaye. Ine ndinagulapo disk yatsopano pa malangizo ngati omwewo, kufika nayo kunyumba, sikirini ya buluu yomwe ija. Yakale ija ikugwirabe ntchito mpaka lero.

Nambala imeneyo ikungonena kuti Windows yalephera kufikira disk, osati disk yawonongeka. XP inatuluka mu 2001, nthawi imene makompyuta ankagwiritsa ma disk a IDE, aja a chingwe chophwatalala ngati lamba. Laputopu yanu ili ndi disk ya mtundu watsopano, ya SATA, yoyendera njira yotchedwa AHCI, ndipo pa CD ya XP palibe driver wake, kapulogalamu kothandiza Windows kulankhula ndi disk yotero. Kwa ena simabwera buluu, imangolemba kuti sinapeze hard disk iliyonse. Matenda ake ndi amodzi.

Ndiye zimitsani, muyatsenso, muzidina F2 chizindikiro cha Dell chikangooneka, kuti mulowe mu BIOS, mmene mumasinthira kagwiridwe ka kompyuta Windows isanadzuke. Pezani pamene palembedwa SATA Operation, muchotse pa AHCI muike pa ATA, musunge n'kutuluka. Anzathu a ThinkPad amalowa ndi F1 ndipo mawu ake ndi Compatibility. Pa HP ndi F10. Kawirikawiri nkhani imathera pomwepo. Koma chenjerani: ngati pa disk pali kale Windows 7 kapena 10, mukasintha chonchi iyonso ikhoza kukana kudzuka. Mafayilo anu yambani mwakopera pa flash, chifukwa mwina mufunikanso kufufuta ma partition onse, zigawo za disk. XP simadzuka pa disk yogawidwa mwa njira yatsopano ya GPT, imafuna yakale ya MBR.

BIOS ikakhala kuti ilibe posinthira, XP imakupemphani kudina F6 kuti muipatse driver, koma imamulandira kuchokera pa floppy basi. Floppy muipeza kuti lero? Njira ndi kutenga driver wa SATA wa laputopu yanuyo n'kumuphatikiza mu CD yatsopano ndi kapulogalamu kotchedwa nLite. Onetsetsaninso kuti CD yanu ndi ya Service Pack 3, XP yokonzedwanso ya mu 2008. Yoyambirira ija, yopanda Service Pack, imangoona 137GB ngakhale disk ikule bwanji.

Disk yodwaladi imadziwika. Imalira kuti tike tike, format imaima pakati osasunthanso. Yanuyo ilumikizeni pa kompyuta ina muione ndi pulogalamu yoyeza disk yotchedwa CrystalDiskInfo. Ikalemba Good, wokonza uja musabwererekonso.

Kunena zoona, laputopuyo ikakhala ya zaka zaposachedwa, ine sindingalimbane nayo. Mudzaika XP bwinobwino kenako n'kupeza kuti ma driver a Wi-Fi, a mawu ndi a sikirini kulibe. Bola kusiya Windows imene ilipoyo, muike VirtualBox, pulogalamu yoyendetsa Windows ina m'kati mwa inzake, XP izikhala m'kati mwakemo, makina odulirawo muwalumikize pa USB. Ndipo kulikonse kumene muyiike, musaifikitse pa intaneti. Microsoft inasiya kuitumizira zoteteza mu Epulo 2014.

Tiuzeni model ya Dell yanuyo, yalembedwa kunsi pa sitika, komanso ngati makinawo amalumikizidwa ndi USB kapena chingwe cha serial.