Kamera yopinda ya 4x5: musathere ndalama zonse pa bokosi

Achimwene, funso lanu ndaliona. Mukufuna kamera ya filimu yaikulu, ya 4x5 (mainchesi 4 m'lifupi ndi 5 m'litali), yopinda kuti izilowa m'chikwama, koma yosaboola m'thumba. Ndiyambe ndi chimene ine ndinachizindikira mochedwa: kamerayo ndi bokosi chabe lotchinga kuwala, chojambula chenicheni ndi lenzi. Mukathera zonse pa bokosi, lidzangokhala pashelefu miyezi ingapo inu mukusakasaka ya zotsalazo.

Ine ndinayambira pa Crown Graphic ya kampani ya Graflex, makamera aja ankayenda nawo atolankhani a ku America. Inapangidwa kuyambira 1947 mpaka 1973, ndiye zakale zilipo zambiri. Ndi yolimba zedi, ndipo chimene ndimaikondera n'choti imatsekeka lenzi ili m'kati momwemo. Mumangodina kabatani kobisika pansi pa chikopa, chitseko n'kugwa, mwakoka lenzi kutsogolo, basi mwakonzeka. Musaisokoneze ndi Speed Graphic, imene ili ndi shutter (kachitseko kolowetsa kuwala pojambula) ina yansalu kumbuyo, choncho ndi yolemererapo.

Koma Crown ili ndi polekezera. Kumbuyo kwake sikupendekeka ndiponso sikuzungulira, moti mukafuna chithunzi choimirira mumagoneka kamera yonse cham'mbali pa tripod, choimikapo kamera cha miyendo itatu. Lenzi ya 135mm imene kawirikawiri imabwera nayo imangokwanira filimuyo ndendende. Mukaikweza pang'ono kuti nyumba isaoneke yopendama, makona a chithunzi amada. Ngati mumajambula anthu, zimenezi sizikusowetsani tulo. Koma ngati mtima wanu uli pa mapiri, mitengo ndi nyumba, mudzaiona kupanikiza.

Pamenepo m'pamene pamalowa makamera amatabwa. Mwa atsopano, otsika mtengo odziwika ndi Intrepid, opangidwa ku Brighton m'dziko la England ndi pulayiwudi ndi aluminiyamu. Imalemera kilogalamu imodzi ndi pang'ono, m'chikwama mumaiwala kuti ilimo. Kupepukako kuli ndi mtengo wake: kamphepo kakawomba imanjenjemera, ndipo muyenera kumanga zomangira zonse mosamala musanalowetse filimu, apo ayi focus imasuntha, chithunzi n'kutuluka chosaoneka bwino. Mukapeza Tachihara yakale ya ku Japan kapena Shen Hao ya ku Shanghai ili bwino, musazengereze. Chamonix ndi yabwino kuposa pamenepo koma mtengo wakenso ndi wina. Linhof Technika ya ku Munich isiyeni kaye. Chimodzi chokha mutengereko: kathabwa kake kokhazikapo lenzi ndi kamene ambiri mwa makamerawa amalandira, ndiye mukadzasintha kamera lenzi zanu zidzapita nanu.

Mukamagula yakale, chonde yang'anani bellows, chikopa chopindapinda cholumikiza lenzi ndi kumbuyo kwa kamera. Apa ndinapsa nazo. Yanga inkaoneka yosalala, wogulitsa n'kunditsimikizira kuti ili bwino, koma zithunzi zoyamba zonse zinatuluka ndi mzere woyera pakona imodzimodzi. Nditalowa m'chipinda cha mdima, n'kukoka bellows mpaka kumapeto, n'kuyatsa tochi m'kati mwake, ndinaona timadontho ta kuwala ngati nyenyezi m'makona mwa mapindo. Chitani zimenezi musanapereke ndalama, ndipo dikirani mphindi zingapo maso azolowere mdima, chifukwa timabowo tina n'tochepa ngati kunsonga kwa singano.

Lenzi gulani imodzi yokha poyamba, ya 150mm f/5.6. Fujinon W, Nikkor-W, Schneider Symmar-S kapena Rodenstock Sironar-N, zonsezi n'zabwino, tengani imene ili yoyera m'kati, yopanda nkhungu, ndipo ikhale mu shutter ya mtundu wa Copal 0. Lenzi zimenezi zimaphimba malo aakulu kuposa filimuyo, n'chifukwa chake mumatha kukweza kapena kupendeketsa popanda makona kuda. Ikani shutter pa sekondi imodzi, iyandikizeni kukhutu, muidine. Izilira mosadodoma mpaka kutseka. Ikamakokakoka kapena kuima panjira, dziwani kuti ikufunika mmisiri, ndipo imeneyo ndi ndalama inanso.

Zotsala zimadya ndalama mwakachetechete. Ma holder, timabokosi taphanthi toikamo filimu, atatu kapena anayi, a Fidelity kapena Lisco, iliyonse imatenga mafilimu awiri. Tripod yosagwedera, iyi musaumire. Kagalasi kokulitsira poona focus, ndi kachingwe kodinira shutter. Nsalu yofunda kumutu poyang'ana chithunzi pagalasi lakumbuyo kwa kamera musagule, iliyonse yakuda yochindikala igwira ntchito. Pophunzira yambani ndi filimu ya Fomapan 100, yotsikirapo mtengo, chifukwa mafilimu oyamba mudzawononga ndithu: kuiwala kutseka lenzi musanasolole chotchinga cha holder kumagwera aliyense. Chithunzi pagalasi lakumbuyo chidzaoneka chozondoka, musadabwe, maso amazolowera.

Ndikanakhala inu, pa anthu ndikanatenga Crown Graphic, pa malo ndikanatenga Intrepid kapena Tachihara, yotsalayo n'kuika pa lenzi. Tiuzeni zimene mumakonda kujambula komanso mtunda umene mumayenda pansi mutasenza chikwama, tithandizane kusankha pakati pa zimenezi.