Za mapaipi a m'denga zija, imvani kaye zanga

Achimwene, inu amene mukufuna kuyala mapaipi m'denga kuti madzi osamba azifunda popanda magetsi, musanakweze chilichonse m'siling'imo dikirani kaye. Amene akukuuzani kuti kutentha kwa pansi pa malata kumafunditsa madzi osamba sakunama, m'mwezi wa Okutobala masana simungakhalemo m'dengamo. Koma pali zimene sakukuuzani.

Ine ndili pa Dedza boma pompano, m'munsi mwa phirimu. Kunabwera mkulu wina wodzitcha pulambala, dzina sinditchula, akuti bwana za giza yotenthetsera madzi iwalani, mayuniti muzingoonera TV. Anakweza diramu ya malita 200 n'kuisanjika pa timatabwa togwira siling'i, kenako n'kuzunguliza mapaipi a PVC omata ndi guluu denga lonse. Nditamufunsa ngati timatabwato tilimbe anangoseka, akuti wapanga zambiri ku Lilongwe. Lita imodzi ya madzi ndi kilo imodzi. Ndiye kuti munthuyu anapachika matumba anayi a simenti pamwamba pa chipinda chogona ana anga, n'kulandira ndalama yake yonse n'kumapita.

Usiku wina, anthu tili m'tulo tofa nato, ndinangomva phuu! kenako ana kukuwa. Joini ina inali itamasuka. PVC ija ndi ya madzi ozizira, masana imafewa n'kufutukuka, usiku imabwerera, mpaka guluu anatopa. Komanso usiku madzi amabwera ndi mphamvu poti aliyense watseka mpopi. Siling'i inamwa madzi mwakachetechete, n'kutupa, n'kugwa yonse pakati pa chipinda. Madzi ake osati oyera ayi, akuda bii, osakanikirana ndi fumbi la m'denga ndi zitosi za makoswe, ena akutsika kudzera pa holda ya babu. Ine mapazi ali m'madzi, tochi ya foni ndaluma pakamwa, ndikufufuza meni switchi mtima uli m'mwamba kuti wina agwidwa shoko. Mayi akunyumba anyamula wamng'ono, akukuwa kuti tsekani madzi, tsekani madzi! Nditseke pati? Valavu sanaike ngakhale imodzi. Ndinathamanga chosavala malaya mpaka pa mita kunja, koma diramu ija inapitiriza kukhuthula mpaka inatha. Matiresi awiri, mabulangete, makope onse a mwana wa Sitandade 8, inki yake kusungunuka tikuona.

Kutacha foni osayankha. Atayankha akuti ali pamaliro ku Lizulu, maliro ake osatha. Tsiku limene ndinamupeza pamsika anandiuza, maso ali gwa, kuti vuto ndi madzi anga ali ndi puresha yambiri. Madzi anga! Anthu ena saopa Mulungu.

China chimene chimandipweteka n'chakuti kuno madzi otentha timawafuna mu Juni ndi Julaye m'mamawa, ana akamapita kusukulu nkhungu ili tolo. Nthawi imeneyo malata azizira usiku wonse ndipo madzi a m'dengamo amaluma m'manja. Akamatentha bwinobwino n'kuti kunja kwatentha kale, aliyense akufuna ozizira.

Komabe pangani, musaope. Gulani rolo ya paipi yakuda ija ya mthirira, ya mamita 100, muiyale yathunthu yosadula, majoini onse akhale kunja kwa khoma poonekera. Ya 20mm imasunga pafupifupi malita 20, chidebe chimodzi, munthu mmodzi asamba cha m'ma 3 kapena 4 koloko madzulo. Valavu ikhale poti ngakhale mwana afikira. Diramu isakwere m'denga, ngati mukuifuna ikhale pa sitandi yakeyake panja. Ndipo kunena zoona paipiyo imatentha kwambiri ikakhala pamwamba pa malata dzuwa likuiwomba, kusiyana n'kuibisa m'siling'i. Madzi amenewo osamwa, osaphikira. Madzi ofunda ongokhala, a madigiri 20 mpaka 45, ndi momwe mumaswana tizilombo ta Legionella toyambitsa chibayo, ndiye mukachokapo masiku angapo muyambe mwawataya kaye kudimba.

Ine ndinabwerera ku mbaula ndi ketulo, ngakhale rolo yakudayo ndinagula kale ili kuseri kwa chitseko. Ngati nyumbayo ndi ya lendi musayerekeze n'komwe musanalankhule ndi alandilodi, siling'i yatsopano mudzagula nokha.