Mafunso Anu: Ulendo wa ku Khulubvi, kwa Mbona

FUNSO: Ndimaphunzitsa Sitandade 7 ku Nchalo. Ana anga anaona pa foni zithunzi za nyumba zachifumu za ku Ulaya zokhala ndi minda ya maluwa, ndiye akundifunsa ngati kuno kuchigwa tili ndi malo akale otero. Ndawauza za Khulubvi. Tikufuna kupitako, ana 45 ndi aphunzitsi atatu. Tikaonako chiyani, nanga tiyambire pati? (Mphunzitsi, Nchalo)

YANKHO: Aphunzitsi, mwasankha bwino, koma auzirenitu anawo kuti sakaona nyumba yosanja kapena maluwa a m'mizere. Khulubvi ndi msitu wowirira pafupi ndi boma la Nsanje, kumene kale kunkatchedwa Port Herald. Chikalata chimene dziko lathu linapereka mu 2011 ku UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe, chimati msituwu ndi waukulu pafupifupi mahekitala 100. Mkati mwake muli kachisi wa Mbona, nyumba yozungulira ya mitengo ndi udzu. Chodabwitsa chachikulu ndi msituwo. Mumachoka kunja kumene mitengo inatha ndi nkhuni ndi makala, dzuwa likuswa mtengo, n'kulowa mumthunzi wosadukiza, masamba ouma akuphwanyika kuphazi, nthambi zogwa zikuwolera pomwe zinagwera chifukwa palibe wozitola. Mitengo imeneyi yasungidwa ndi lamulo la makolo: m'menemo simudulidwa mtengo, simuphedwa nyama.

Anawo apite akudziwa kale nkhani ya mwini malo. Amang'anja amati Mbona anali ndi mphamvu yoitana mvula, ndipo amalume ake, a Mlauli, anamuchitira nsanje. Anathawira kummwera, adani akumulondola, iye n'kumawazimirira posanduka nkhanga kapena kumeretsa nkhalango pamene panalibe. Atamugwira, mikondo ndi mipeni sizinamulowe, mpaka anawauza yekha kuti am'cheke ndi tsamba la bango. Magazi ake akuti anayenda ngati mtsinje pa Ndione, kufupi ndi dambo la Ndindi, ndipo mutu wake unaikidwa pa Khulubvi. Nkhaniyi imakambidwa mosiyana pang'ono mudzi ndi mudzi, choncho anawo asakatsutsane ndi agogo amene akawafotokozere. Alembe zimene amva, mukazifananitse m'kalasi. Ana akafunsa za likulu la ufumu, auzeni kuti lili kwa Lundu, mfumu yaikulu ya Amang'anja, ku Mbewe m'boma la Chikwawa, ndipo ufumu wa Lundu ndi kachisi wa Mbona zakhala zolumikizana kuyambira kalekale.

Tsono poyambira. Ku Khulubvi n'kumudzi kwa eni ake, ndipo pamudzi pa eni munthu amaodira. Lembani kalata kudakali milungu itatu, mupititse ku ofesi ya DC ku Nsanje, muwapemphe akulumikizeni ndi mafumu ndi akuluakulu osunga kachisi. Nthambi ya boma yoona za malo akale, ya Museums and Monuments, nayonso ingakulozereni njira. M'kalatamo tchulani tsiku, chiwerengero cha anthu ndi misinkhu ya ana, ndipo mufunse mafunso atatu: kodi ana aloledwa kufika pati, muvale chiyani, nanga mutenge chiyani cholonjerera akuluakulu. Musanyamuke musanamve yankho. Maulendo ambiri amalephereka pamenepa. Anthu amangotulukira ndi basi, n'kupeza akuluakulu ali kumaliro kapena kudimba, ndipo wina aliyense wa m'mudzimo sangakulowetseni chifukwa si udindo wake.

Kuchoka ku Nchalo kukafika ku Nsanje ndi makilomita pafupifupi 100 pamsewu wa M1, kudzera pa Ngabu, Bangula ndi Tengani. Nyamukani 5 koloko m'mawa kuti pofika 8 koloko mukhale mutalonjerana kale ndi eni malo. Madzi akumwa akhale malita awiri pamunthu. Kwa anthu 48, ndiye kuti zigubu zisanu za malita 20. Tenganinso mapaketi angapo a Thanzi ORS, spiriti ndi bandeji, chifukwa minga siisowa kwa oyenda opanda nsapato. Ana adye kunja kwa msitu, ndipo mapepala ndi mabotolo abwerere m'basi.

Mphatso ya akuluakulu isonkhedwe pamodzi, iperekedwe ndi munthu mmodzi kudzera kwa amene akukuperekezani, onse akuona. Mukamapereka mwamseri kwa uyu ndi uyo, mumasiya mkangano m'mudzi, ndipo sukulu yobwera pambuyo panu ndiyo imakumana ndi nkhope zokwinya.

FUNSO: Ndamva kuti ku Khulubvi munthu amavula nsapato n'kuvala zakuda zokhazokha. N'zoona? Ine ndi amuna anga tikufuna kupitako ndi alendo athu ochokera ku Lilongwe, ndipo iwo amakonda kujambula chilichonse. (Mayi, Bangula)

YANKHO: N'zoona, mayi. Wolowa kumalo opatulika amavula nsapato ndi chipewa, n'kumanga nsalu yakuda, ija akuluakulu amati biriwita. Abambo amavula malaya n'kumanga nsaluyo m'chiuno, amayi amamanga pachifuwa. Kuda kwa nsaluyo ndi kuda kwa mitambo ya mvula, n'chifukwa chake m'makachisi a mvula zopereka zambiri zimakhala zakuda. Zofiira ndi zonyezimira zisiyeni kunyumba.

Gulani nsaluyo musanapite, mamita awiri pa munthu wamkulu, yakuda bii yopanda maluwa kapena malemba. Sankhani yathonje yokhuthala. Nsalu yopyapyala ya layiningi imaterereka ndipo imaonetsa mkati ikanyowa ndi thukuta, ndiye munthu amangokhalira kuigwiriza m'malo momvetsera. Ichapeni kamodzi kuti utoto usakuthimbirireni pakhungu. Aphunzitsi a ku Nchalo aja atengerepo nzeru apa: mwana amakwana mita imodzi ndi theka, ndipo akuluakulu akalola kuti ana azilowa khumikhumi n'kumasinthana, mamita 21 akwanira gulu lonse pamodzi ndi aphunzitsi atatu.

Zopanda nsapatozi ndizo zimachititsa kuti nthawi ikhale nkhani yaikulu. Inu a ku Bangula mukuudziwa mchenga wa kuno mu Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha kumapitirira madigiri 40. Mlendo wa ku Lilongwe wozolowera sokosi sangayende ngakhale mamita 50 pamchenga umenewo masana. Miyezi yabwino ndi Meyi mpaka Ogasiti, m'mawa. Kuyambira Januwale mpaka Malichi musakonze ulendo wa alendo: ndi nyengo ya madzi osefukira, ndipo tonse tikukumbukira mmene namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 anadulira misewu ya m'chigwa muno. Ngati agona ku Nsanje, neti ya udzudzu isaiwalike.

Pali lamulo lina limene anthu amachita nalo manyazi kufunsa. Pa miyambo ya makachisi a mvula, wofika pamalo opatulika ayenera kukhala wozizira. Ndiye kuti banja lidikire usiku wa ulendowo, ndipo mayi amene ali kumwezi asalowe. Auzeni alendo anu mwakachetechete kudakali masiku, mayi kwa mayi mnzake, bambo kwa bambo mnzake, kuti wina asakachite manyazi pagulu. Wosalowa angathe kukhala panja ndi amayi a m'mudzimo, ndipo nthawi zambiri amabwerako ndi nkhani zochuluka kuposa olowa.

Za kujambula, foni ikhale m'thumba mpaka mutapempha. Akuluakulu akati apa ayi, ndi ayi, ngakhale mlendo atachoka kutali bwanji. Kachisi, zopereka ndi Salima, mayi amene amakhala ngati mkazi wa Mbona, si zinthu zoponya pa Facebook mwachisawawa. Mukafika, khalani pansi pamene akulozerani, muombe m'manja monga timachitira pamaso pa mfumu, ndipo mulankhule kudzera mwa wokuperekezani. Yendani m'kanjira kamene akutsogolerani, osathyola ndodo, osatola chipatso kapena khungwa lamankhwala. Mukakumana ndi njoka, imani, bwererani pang'onopang'ono, osatola mwala. Nsato makamaka imalemekezedwa, poti amati Mbona amadza kwa mkazi wake m'maonekedwe a njoka imeneyo.

FUNSO: Ndine mkulu wa mpingo. Achinyamata athu akufuna kukaona Khulubvi koma makolo ena akuti n'kupembedza mizimu, ena akuti mwana akhoza kusowa m'nkhalangomo. Ndiwayankhe bwanji? (Mkulu wa mpingo, Ngabu)

YANKHO: Abambo, nkhawa ziwirizi zisiyanitseni. Ya kusowa ndi yosavuta: msitu wowirira umasokeretsa aliyense wopatuka panjira, choncho awerengeni achinyamatawo polowa ndi potuluka, wamkulu mmodzi patsogolo wina pambuyo, ndipo pasakhale wotsalira.

Ya chikhulupiriro ndi ya chikumbumtima cha munthu, ndipo kholo lokana lisakakamizidwe. Koma makolowo adziwe kuti kukaona malo n'kosiyana ndi kuthira nsembe. Nsembe ili ndi eni ake ndi nthawi yake. Nenani poyera m'kalata yanu kuti mukubwera kudzaphunzira mbiri, ndipo ngati ena sakufuna kumanga nsalu yakuda, pemphani kuti akuluakulu akakufotokozereni muli kunja kwa malo opatulika. Chimene sichiloleka n'kulowa ndi nsapato mwamakani, kapena kukayambitsa kwaya ndi ulaliki pakhomo la kachisi. Kutero n'kunyoza eni malo, amene ambiri mwa abale awo mumapemphera nawo Lamulungu.

Munthu amene analemba zambiri za Mbona anali wansembe wa Katolika, Bambo Matthew Schoffeleers a chipani cha Montfort ochokera ku Netherlands, amene anafika m'dziko muno mu 1955 n'kutumikira m'chigwa chino. Buku lawo lalikulu la nkhaniyi linatuluka mu 1992. Iwo anagwirizanitsa nkhani ya kuphedwa kwa Mbona ndi nkhondo za kumapeto kwa zaka za m'ma 1500, pamene ufumu wa Lundu unkakula, ndipo analembanso kuti anthu ena kuno ankamutcha Mbona Yesu wakuda, poona kuti anaphedwa wosalakwa. Achinyamata anu ali ndi zambiri zokambirana pamenepo, kaya agwirizana nazo kaya ayi.

Muwauzenso kuti Khulubvi idakali pamndandanda wa malo oyembekezera kuti UNESCO iwavomereze ngati chuma cha dziko lonse lapansi, pamodzi ndi malo ena a Mbona monga Nyandzikwi, Mwala Umodzi ndi phanga la Kaloga. Siinafike pamene panafika zithunzi za pamiyala za ku Chongoni, ku Dedza, zimene zinavomerezedwa mu 2006. Ngati gulu lanu likufuna kuonanso amodzi mwa malo enawo, litchuleni m'kalata yomweyo, chifukwa alionse ali ndi owasunga ake, ndipo chilolezo cha pa Khulubvi sichikutsegulirani kwina.